Bwalo la Owerenga: Utoto, Phala ndi Zigamba

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akukhudza ntchito ya nsalu, kuyambira kunyika mu utoto, kujambulapo maluwa, mpaka kulumikiza zidutswa kuti zikhale chithunzi chopachika pakhoma. Tasankhapo angapo, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Funso: Alangizi, ndinaphunzira kunyika nsalu mwa njira yomanga, imene anthu amaitcha tie and dye, pagulu lathu la amayi a kutchalitchi. Tsiku lonyikalo nsalu zimawala bwino, koma wogula akachapa kamodzi kapena kawiri utoto umachoka, nsalu n'kutuwa. Anzanga anandiuza kuti ndiziziviika m'madzi a mchere ndi viniga, koma palibe chikusintha. Kodi ndikulakwitsa pati? — Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

Yankho: Mayi, musataye mtima, chifukwa vuto limeneli lili ndi zifukwa zodziwika, ndipo kawirikawiri limayamba nsalu isanakhudze n'komwe utoto. Choyamba ndikufunseni ngati nsalu imene mukunyikayo ili ya thonje lenileni. Nsalu zoyera zambiri zimene zili m'misika masiku ano n'zosakaniza thonje ndi poliyesitala, ndipo zina ndi poliyesitala yekhayekha. Poliyesitala ndi ulusi wopangidwa kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo utoto wa thonje sulowamo, umangokhala pamwamba mpaka madzi oyamba atauchotsa. Musanagule mpukutu wonse, pemphani kachidutswa ka m'mphepete, mukagwire ndi waya, mukayatse ndi machesi muli panja. Thonje limayaka msanga, fungo lake ndi la pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lotuwa lofewa limene limafumbutuka mukalitikita ndi zala. Poliyesitala amanyala, amasungunuka, amatulutsa utsi wakuda, kenako amasiya kambulu kolimba kamene sikaphwanyika. Mukaona phulusa ndi kambulu pamodzi, dziwani kuti nsaluyo ndi yosakaniza, ndipo mtundu wake udzatuluka wofooka ngakhale mutathira utoto wochuluka bwanji.

Chachiwiri ndi kuyeretsa. Nsalu yatsopano imachoka kufakitale itapakidwa sitachi ndi mafuta kuti izioneka yosalala, ndipo zinthu zimenezi zimatsekereza utoto. Iwiritseni kwa ola limodzi m'madzi a sopo, ndipo mudzadabwa kuona madziwo akusanduka achikasu pamene nsalu inkaoneka yoyera mbee. Ikauma, donthezanipo madzi. Dontho likalowa nthawi yomweyo, nsalu yakonzeka, koma likakhala pamwamba likunjenjemera, bwerezani kuwiritsa.

Tsopano tibwere ku mchere ndi viniga. Mchere uli ndi ntchito yake pa nthawi yonyika, chifukwa umakankhira utoto umene uli m'madzi kuti upite ku ulusi, koma sumanga utotowo, ndipo kuviika nsalu yonyika kale m'madzi a mchere sikuthandiza kanthu. Viniga amathandiza ponyika ubweya wa nkhosa ndi silika, koma pa thonje amangosokoneza. Chimene chimamanga utoto pa thonje chimadalira mtundu wa utoto umene mwagula, choncho muzifunsa wogulitsa ndi kuwerenga pa paketi. Utoto wotchipa wowiritsa ndi mchere umangokakamira pa ulusi, ndipo umasuluka pang'onopang'ono nthawi iliyonse imene nsalu yachapidwa. Umene ndingakulimbikitseni ndi wotchedwa fibre reactive, umene kampani ya ICI ya ku Britain inayamba kugulitsa mu 1956 pa dzina la Procion. Utoto umenewu umalumikizana ndi thonje n'kukhala chinthu chimodzi ndi ulusiwo, koma izi zimachitika pokhapokha pali soda ash. Soda ameneyu ndi wosiyana ndi soda wophikira thelere, amene ndi wofooka pa ntchito imeneyi. Amapezeka m'masitolo a mankhwala a nsalu ndi m'masitolo ogulitsa zosamalira madamu osambiramo. Akasowa, tengani soda wophikirayo mumuwotche wouma mu uvuni wotentha madigiri 200 kwa ola limodzi, ndipo adzasanduka soda ash.

Kachitidwe kake n'kotere. Sungunulani kapu imodzi ya soda ash m'malita anayi a madzi ofunda, viikanimo nsalu imene mwamanga kale kwa mphindi 20, ifinyeni, kenako thirani utoto wanu. Mukatero ikulungeni m'jumbo kuti isaume, ndipo ikhale pamalo ofunda kwa maola 24. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa mtima umafuna kumasula zingwe msanga kuti aone maluwa, pamene utoto sunamalize kugwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poti muli ku Mzuzu, m'miyezi ya June ndi July muziwonjezera nthawiyo kapena kuika jumboyo padzuwa, popeza kuzizira kumachedwetsa ntchito ya utoto. Pomaliza tsukuluzani ndi madzi ozizira mpaka soda atatha, kenako chapani ndi madzi otentha a sopo mpaka madzi azituluka oyera. Utoto umene umatuluka pa nthawi imeneyi ndi wotsalira umene sunagwire, ndipo ndi udindo wanu kuuchotsa nsalu isanafike m'manja mwa wogula.

Funso: Ndili ndi thalauza yakuda ya pakaunjika imene yayamba kufiirira m'maondo. Ndainyika kawiri mu utoto wakuda koma sikugwira. — Mnyamata wa ku Mchesi, Lilongwe

Yankho: Achimwene, yang'anani kansalu kolembedwa kamene kali m'chiuno mwa thalauzayo. Ngati palembedwa kuti poliyesitala ndiye wochuluka, lekani kuwononga ndalama, chifukwa ulusi umenewu umafuna utoto wakewake umene kufakitale amaulowetsa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 130, kumene mphika wa pakhomo sungafikepo. Ngati ndi thonje, tsatirani zimene ndawauza mayi a ku Mzuzu, koma muthire utoto wochuluka kuwirikiza kawiri kuposa wa mitundu ina, popeza wakuda ndiye wovuta kugwira kuposa yonse. Dziwaninso kuti ulusi wosokera kawirikawiri umakhala wa poliyesitala, motero misoko idzakhalabe ndi mtundu wake wakale.

Funso: Alangizi, kwathu timagwiritsa ntchito utoto wosungunula ndi kositiki soda pamodzi ndi ufa woyera wonunkha umene timautcha haidurosi. Mayi a kunyumba ndi amene amanyika, ndipo manja awo asenduka, komanso amatsokomola akamaliza ntchito. Banja lathu limadalira bizinesi imeneyi. Kodi tisiye? — Bambo wa ku Ndirande, Blantyre

Yankho: Bambo, mwachita bwino kuona vutoli msanga. Poyamba mayiwo apite kuchipatala akawaone manjawo ndi chifuwacho, ndipo akanene mankhwala amene amagwira. Kusiya ntchito sikofunika ngati mutasintha kagwiridwe kake. Utoto umene mukugwiritsa ntchitowo ndi wa mtundu wa vat, wachibale wa indigo, utoto wabuluu wochokera ku zomera, ndipo ndi wolimba kwambiri pochapa. Paokha susungunuka m'madzi, choncho kositiki ndi haidurosi ndi amene amausungunula kuti ulowe mu ulusi, ndipo nsalu ikatuluka m'ndowa n'kukumana ndi mpweya, utotowo umabwerera mwakale uli kale m'kati. N'chifukwa chake nsalu imasintha mtundu mukaiyanika, ndipo simuyenera kuitsukuluza kusinthako kusanathe.

Mankhwala awiriwa si ochita nawo chibwana. Agulireni magolovesi okhuthala ofika m'zigongono, magalasi oteteza maso, ndi chophimba pamphuno, ndipo ntchito yonse izichitikira panja, iwo ataima kumene mphepo ikuchokera. Kositiki amathiridwa pang'onopang'ono m'madzi ozizira, osati madzi kuthiridwa pa kositiki, chifukwa amatentha mwadzidzidzi n'kuthovokera kumaso. Musasungunulire m'sefuliya, popeza kositiki amadya aluminiyamu n'kutulutsa mpweya woyaka, koma gwiritsani ntchito ndowa yapulasitiki yokhuthala. Haidurosi asungidwe wouma m'chitini chotseka bwino, chifukwa akanyowa amatentha mpaka kuyaka, ndipo mpweya wake umavutitsa kwambiri odwala mphumu. Mankhwala akagwera pakhungu kapena m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 20, ndipo ngati ndi m'maso thamangirani kuchipatala.

Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musasunge madzi a kositiki m'botolo la zakumwa, chifukwa amaoneka ngati madzi wamba ndipo mwana akamwa amapsa kum'mero moti moyo wake wonse akhoza kuvutika kumeza. Zoterezi zikachitika musamusanzitse, mutengereni kuchipatala nthawi yomweyo. Madzi otsala muziwataya m'dzenje lawolawo kutali ndi chitsime ndi mtsinje, ndipo chiwiya chimene chalowa utoto chisabwererenso kukhitchini.

Funso: Ndinapita ku Mfuwe ndipo ndinaona nsalu zojambulidwa ndi manja, zokhala ndi mizere yoyera pakati pa mitundu. Anandiuza kuti mizereyo amaipanga ndi ufa. Kodi n'zoona, ndipo ine ndingathe kuchita zimenezi pakhomo popanda kugula phula? — Mtsikana wa ku Chipata, Zambia

Yankho: Achemwali, anakuuzani zoona. Ku Mfuwe, pafupi ndi malo osungirako nyama a South Luangwa, kuli kampani ya Tribal Textiles imene inayamba mu 1991, ndipo amisiri ake amajambula pa nsalu ya thonje ndi phala la ufa ndi madzi, amaumitsa padzuwa, amapaka utoto ndi burashi, amautenthetsa mu uvuni kuti ugwire, kenako amachapa ndi kupala phalalo. Ku Zimbabwe njira yofanana nayo imatchedwa sadza batik, chifukwa amagwiritsa ntchito phala la ufa wa chimanga. Ayoruba a ku Nigeria, makamaka m'mizinda ya Abeokuta ndi Ibadan, ali ndi nsalu yotchedwa adire eleko, imene amaijambula ndi phala la chinangwa pogwiritsa ntchito nthenga ya nkhuku kapena chitsulo chopyapyala choboola maluwa, asanaiviike mu indigo. Mfundo yake ndi imodzi ponseponse, yakuti pamene pali phala utoto sufikapo.

Pakhomo yambani ndi ufa wa tirigu, chifukwa umamata bwino osaphika. Sakanizani kapu imodzi ya ufa ndi kapu imodzi ya madzi, mutakase mpaka mibulu yonse ithe, ndipo kulimba kwake kukhale ngati phala la mwana, loti likhoza kutuluka pa kabowo koma osayenderera. Lithireni m'botolo lofinya la tomato sosi, kapena m'kajumbo kolimba kamene mwadula kansonga. Yalani pulasitiki patebulo, tambasulanipo nsalu yochapa ndi yosita, muikhomerere m'mbali ndi mapini, chifukwa phala likamauma limakoka nsalu n'kuikwinya. Lembani chithunzi chanu ndi pensulo mopepuka, kenako tsatirani mizereyo ndi phala, ndipo muonetsetse kuti mzere uliwonse watsekeka, popeza pamene pali mpata utoto umadutsira kupita kumene simunaufune. Likauma gwa, pakani utoto wa nsalu ndi burashi. Musaviike nsaluyo m'ndowa, chifukwa phala la tirigu limasungunuka m'madzi ndipo ntchito yonse idzafafanizika. Utoto ukauma, palani phalalo ndi supuni, sitani kuseri kwa nsalu ndi simbi yotentha kwa mphindi zitatu mpaka zisanu pamalo paliponse, ndipo mudikire masiku angapo musanachape. Ngati mukufuna timing'alu tija timene timakongoletsa nsalu zotere, matani phala pa nsalu yonse, liume, muifinye ndi manja kuti lisweke, kenako mupake utoto wakuda umene udzalowa m'ming'alumo.

Phula lili ndi ubwino wake mukadzafika polipeza, chifukwa limalola kuviika nsalu yonse. Ku Java, chilumba cha ku Indonesia kumene luso la batik, lojambula pa nsalu ndi phula, linakhwima mpaka bungwe la UNESCO linalilemba mu 2009 pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu, amajambula ndi kachipangizo kotchedwa canting, kamene ndi kachikho ka mkuwa kokhala ndi kamlomo kotulukira phula lotentha. Kuno ambiri amasema siponji ya matiresi n'kuidinda pa nsalu. Phula la njuchi limamata ndi kupindika, pamene la kandulo limasweka, choncho amisiri amasakaniza awiriwa molingana ndi ming'alu imene akufuna. Lisungunulireni m'chitini chimene chili m'mphika wa madzi, ndipo likagwira moto vundikirani, osathirapo madzi. Utoto ukhale wozizira, popeza phula la njuchi limasungunuka likangopitirira madigiri 60, ndipo muziyamba ndi mtundu wowala n'kumalizira wakuda.

Ndionjezepo maganizo anga. Musathamangire kujambula njovu ndi akadyansonga chifukwa choti ndi zimene munaona zikugulidwa ndi alendo, popeza amene akuzijambula kale ndi ambiri ndipo anazizolowera kukuposani. Yang'anani malukidwe a lichero ndi mphasa, mphini za pa mtsuko, mizere imene amayi amajambula ndi dothi pa zipupa za nyumba akamazira, kapena kaimidwe ka mizere m'munda wa mtedza. Zimenezi mumazidziwa bwino kuposa wina aliyense wochokera kutali, ndipo nsalu yotuluka m'menemo idzadziwika kuti ndi yanu.

Funso: Ndine mphunzitsi wa pulayimale ndipo ndikufuna kuphunzitsa ana kunyika nsalu ndi zomera, popeza sukulu ilibe ndalama zogulira utoto. Tinayesa chidede ndi bitiruti, koma mtundu unachoka tsiku lomwelo. Ndi zomera ziti zimene zimagwira? — Mphunzitsi wa ku Dedza

Yankho: Aphunzitsi, mwasankha phunziro labwino, ndipo kulephera kwa chidede ndi bitiruti kukhale gawo la phunzirolo, chifukwa si chomera chilichonse chofiira chimene chili ndi utoto wa nsalu. Ziwirizi zimangothimbiriritsa, ndipo sopo ndi dzuwa zimachotsa msanga. Tameriki naye amapereka chikasu chowala kwambiri koma amasuluka akakhala padzuwa masiku owerengeka. Zimene zimagwira bwino ndipo sizivuta kupeza ndi makoko ouma a anyezi, amene amapereka chikasu chopita ku olenji, nthanga ndi makoko a mapeyala zimene zimapereka pinki wofatsa, masamba a tiyi ndi a bulugamu amene amapereka mitundu ya khofi, komanso utuchi wa mlombwa umene umapereka kufiirira. Mutenge utuchiwo kwa akalipentala, ndipo muwauze ana momveka bwino kuti asasende makungwa a mtengo wamoyo, chifukwa mtengo wosendedwa kuzungulira thunthu umauma.

Utoto wambiri wa zomera umafuna mkhalapakati woumangirira ku ulusi, ndipo wodziwika kwambiri ndi alamu, amene amapezeka m'mafamase. Pa thonje alamu sagwira bwino payekha, choncho nsalu iyambe yagona usiku m'madzi owiritsa a tiyi kapena a masamba a bulugamu, amene ali ndi tanini, chinthu chimene chimathandiza alamu kugwira pa thonje, kenako ilowe m'madzi ofunda a alamu, magalamu 15 pa magalamu 100 aliwonse a nsalu youma. Ikachoka m'menemo ndi pamene imalowa m'madzi a utoto, amene ayenera kutentha osabwadamuka kwa ola limodzi, ndipo nsalu izizirire momwemo.

Chimene ana adzasangalale nacho kwambiri ndi madzi a dzimbiri. Ikani misomali yadzimbiri m'botolo, thiranimo magawo awiri a madzi ndi gawo limodzi la viniga, ndipo likhale milungu iwiri losatseka kwambiri. Mwana akaviika kamtengo m'madzi amenewa n'kulemba pa nsalu imene yanyikidwa mu tiyi kapena m'makoko a anyezi, mzerewo umada iye akuona, chifukwa chitsulo chikakumana ndi tanini chimabala mtundu wakuda. Apa mukhoza kuwafotokozera za nsalu ya bogolanfini ya anthu a mtundu wa Bamana ku Mali, amene amaviika nsalu yoluka ndi manja m'madzi a masamba a mtengo wotchedwa n'galama mpaka ichite chikasu, kenako amajambulapo ndi matope a mumtsinje amene asungidwa mumtsuko kwa miyezi yambiri. Matopewo amakokoloka pochapa, koma chitsulo chimene chinali m'menemo chimasiya chithunzi chakuda chosachoka. Madzi a dzimbiriwo asachuluke, popeza chitsulo chikapyola muyezo chimafooketsa ulusi.

Buluu ndi nkhani ina, chifukwa amachokera ku indigo, amene safuna alamu koma amafuna dzenje kapena mtsuko wowiritsa masamba ndi madzi a phulusa, ofanana ndi chidulo chathu, kwa masiku angapo. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, maenje onyikira a Kofar Mata, amene mbiri imati anakumbidwa mu 1498, akugwirabe ntchito mwa njira imeneyi. Pa ana a pulayimale imeneyi muisiye kaye. Koma aphunzitseni kuyesa mphamvu ya utoto podula kansalu kalikonse, kuphimba theka lake ndi katoni, ndi kukaika pawindo kwa milungu iwiri, kuti aone okha kusiyana kwa mbali ziwirizo n'kulemba m'kope zimene apeza.

Funso: Mnzanga wa kusukulu akuti chitenje si chathu, chinachokera kwa azungu. Ine ndikukana. Ndani akunena zoona? — Wophunzira wa ku Zomba

Yankho: Mnzanuyo wagwira mbali imodzi ya nkhani. Kadindidwe ka nsalu zimenezi kanayamba potsanzira batik wa ku Java, pamene mafakitale a ku Netherlands ndi ku Britain m'zaka za m'ma 1800 ankafuna kupanga ndi makina chimene anthu a ku Java ankapanga ndi manja. Ku Java nsalu za makinazo sizinayende malonda kwenikweni, koma kumadzulo kwa Africa, makamaka ku Gold Coast imene lero ndi Ghana, zinakondedwa, ndipo kampani ya Vlisco, imene inayamba mu 1846 mumzinda wa Helmond, ikudindabe nsalu za msika umenewu. Kuno kwathu fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre yakhala ikudinda zitenje kwa zaka zambiri, ndipo ku Zambia kunali Mulungushi Textiles ku Kabwe ndi Kafue Textiles.

Koma mbali imene mnzanuyo waiiwala ndi yakuti makolo athu sanadikire sitima za pamadzi kuti adziwe nsalu. Ankasula chiwondo kuchokera ku makungwa a mitengo monga mombo, ndipo Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuluka nsalu yotchedwa machila imene inkagulitsidwa mpaka ku Zambezi. David Livingstone atafika kumeneko mu 1859 anapeza anthu akupota ndi kuluka m'midzi. Komanso nsalu imene timaberekera mwana, kuvala pamaliro, kudinda ya chinkhoswe, ya mpingo ndi ya sukulu, sitingaitchenso yachilendo. Chimene ine chimandikhudza si kumene makina anachokera, koma kuti maluwa a pa zitenje zimene timavala azijambulidwa ndi ana a kuno ochuluka kuposa m'mene zilili lero.

Funso: Alangizi, ndine telala ndipo ndimasoka pakhonde la sitolo. Zidutswa za zitenje zadzaza matumba awiri. Ndinaona pa Facebook zithunzi za nsalu zolumikizalumikiza zopachika pakhoma, ndipo mtima wanga unakopeka, koma bambo a kunyumba akuti palibe angagule zigamba. Kodi ntchito imeneyi ili ndi ulemu, ndipo ndiyambire pati? — Mayi wa ku Kasungu

Yankho: Mayi, bambo a kunyumba akulankhula zimene ambiri timaganiza, chifukwa tinakula tikudziwa kuti chigamba ndi chizindikiro cha kusowa. Muwafotokozere za amayi a ku Gee's Bend, mudzi waung'ono wozunguliridwa ndi mtsinje wa Alabama ku America, kumene kumakhala zidzukulu za anthu amene anali akapolo m'minda ya thonje. Amayi amenewa ankalumikiza mathalauza ong'ambika a kumunda, madiresi otha ndi matumba a ufa kuti apeze zofunda m'nyumba zozizira, osaganizako zoti akupanga zaluso. Mu 2002 zofunda zawo zinaonetsedwa ku Museum of Fine Arts mumzinda wa Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, ndipo mu 2006 zina zinadindidwa pa masitampa a dzikolo. Chimene chinagwira anthu mtima si kuwongoka kwa misoko, popeza yambiri ndi yokhota, koma kulimba mtima kwa kasanjidwe ka mitundu. Pafupi ndi kwathu kuno, amayi a ku Weya, kum'mawa kwa Harare, anayamba mu 1987 mothandizidwa ndi mphunzitsi wa zaluso wa ku Germany, Ilse Noy, kusoka tizidutswa pa nsalu kuti tifotokoze nkhani za m'mudzi, monga ulimi, maukwati ndi milandu ya m'banja, ndipo ntchito zawo zinagulidwa mpaka kunja kwa Zimbabwe.

Inu muli kale ndi luso la makina, choncho chimene muyenera kuphunzira ndi kuona. Khuthulani matumbawo, muchotse zidutswa za poliyesitala ndi zotanuka, zotsalazo muzichape ndi kuzisita, chifukwa zitenje zina zimatulutsa utoto ndiponso zimafupika pochapa koyamba. Mukatero zisanjeni m'milu itatu, osati potengera mtundu, koma potengera kuwala, kuti pakhale zowala, zapakati ndi zakuda. Chithunzi cha nsalu chimaoneka patali chifukwa cha kusiyana kwa kuwala ndi kuda, ndipo zitenje zathu zambiri zili pakatikati, motero mukazilumikiza zokhazokha zimangosokonezana, diso n'kusowa pogwira. Gulani kapena nyikani nokha nsalu zopanda maluwa, yakuda ndi yowala, kuti ziziima pakati pa zamaluwazo. Khomani nsalu yoyera pakhoma, mubayepo zidutswa zanu ndi mapini, mubwerere m'mbuyo mapazi angapo n'kuyang'ana. Jambulani ndi foni, musinthe chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera, ndipo pamene zonse zasanduka zotuwa mofanana ndi pamene pakufunika kusintha. Musasoke tsiku lomwelo, koma zikhale pakhomapo masiku angapo mukuzidutsa ndi kuzisuntha.

Yambani ndi kanthu kakang'ono, kosapitirira theka la mita mbali zonse. Polumikiza siyani mamilimita 6 a msoko, ndipo msoko uliwonse muusite musanalumikize chidutswa china, popeza mukadumpha simbi nsalu imatukumuka pakati ndipo sigona pakhoma. Ngati mukufuna chithunzi cha anthu, nyumba kapena ngalawa, dulani zidutswazo, pindani m'mphepete, muzisokerere pamwamba pa nsalu yaikulu monga amachitira a ku Weya. Ntchito yathunthu imakhala ndi magawo atatu, pamwamba pokongolapo, chapakati chofewa, ndi nsalu yakumbuyo. Chapakati chikhoza kukhala bulangete lakale lopyapyala lochapa bwino. Yalani zitatuzi pansi, muzigwirizanitse ndi misoko italiitali ya pamanja kuyambira pakati kupita m'mbali, kenako musoke misoko yeniyeni, nayonso kuyambira pakati, ndipo mpata wa pakati pa mizere usapose chikhatho. Misoko imeneyi ndi kujambula kwachiwiri, chifukwa ikhoza kutsatira mafunde a nyanja, mizere ya m'munda kapena mphepo, ndipo ulusi wokhuthala wosoka ndi manja umaoneka bwino kwambiri pa nsalu yopanda maluwa. Malizani ndi mpendero, sokerani kumbuyo chakumtunda kathumba kotalika kolowetsamo ndodo yopachikira, ndipo mulembe ndi ulusi dzina lanu ndi chaka. Poika mtengo muwerengere maola amene mwagwira, osati mtengo wa zidutswa zokha, ndipo muionetse kumalo ogona alendo, m'maofesi ndi m'masitolo a zaluso, kumene anthu amafuna zokongoletsa makoma.

Funso: Mayi anga ananditumizira nsalu yojambula pamanja yopachika pakhoma. Yayamba kugwira fumbi. Kodi ndingaichape? — Bambo wa ku Johannesburg

Yankho: Bambo, yambani mwaikung'untha panja mofatsa ndi kuipukuta ndi burashi yofewa, chifukwa nthawi zambiri zimenezi zimakwanira. Ngati kuchapa kuli kofunikadi, nyowetsani kansalu koyera n'kukadinikiza pa mtundu uliwonse kwa mphindi imodzi, ndipo kakatenga utoto musaichape. Kakatuluka koyera, ichapeni ndi manja m'madzi ozizira ndi sopo wofewa wopanda jiki, osaipotokola, ndipo muiyanike chogoneka pamthunzi. Muipachike pa khoma losawombedwa ndi dzuwa ndiponso lopanda chinyontho, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Mukafuna kuisunga, ikulungeni mozungulira pa chubu cha katoni chokutidwa ndi nsalu yoyera m'malo moipinda, chifukwa mopindamo ndi mmene utoto umayambira kusweka, ndipo musaitsekere m'jumbo, mmene chinyezi chimabweretsa nkhungu.